Kukamva nyimbo ku Vienna, Salzburg ndi Leipzig: mmene mungakonzere ulendo

Anthu a m'makwaya, aphunzitsi a nyimbo ndi ena amene ali ndi abale ku Ulaya akhala akundifunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza. Amafuna kudziwa kuti munthu akapeza mwayi wokaona mizinda ya Mozart, Beethoven ndi Bach ayambire pati, ndiponso ngati ndi zoona kuti nyimbo za kumeneko amazimva ndi anthu a ndalama okha. Ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense wofuna azidziwerengera yekha.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amawononga ndalama zochuluka, n'kubwerako ndi zithunzi za nyumba ndi zipilala, koma osamva kwaya kapena orchestra (gulu lalikulu loimba ndi zida) ikuimba ngakhale kamodzi. Vuto silikhala kuchepa kwa ndalama. Amayamba ndi kugula tikiti ya ndege, kenaka n'kumafufuza zoti akaone atafika kale, pamene nyimbo za m'mizinda imeneyi zili ndi miyezi yake, masiku ake ndi maola ake. Mukayamba ndi kalendala ya nyimbo, mudzamva oimba apamwamba pa mtengo wochepera wa chakudya chamadzulo cha mu lesitilanti ya komweko.

1. Sankhani mizinda yochepa

Pa ulendo wa masiku 9 kapena 10, mizinda itatu ndi yokwanira. Vienna, likulu la Austria, ndi kumene Haydn, Mozart, Beethoven, Schubert ndi Brahms anagwirira ntchito ndi kumwalira. Salzburg ndi kwawo kwa Mozart. Leipzig, kum'mawa kwa Germany, ndi kumene Johann Sebastian Bach anatsogolera nyimbo za m'matchalitchi kuyambira 1723 mpaka pamene anamwalira mu 1750. Ena amafuna kuwonjezerapo Prague, Bonn ndi Milan, koma mzinda uliwonse wowonjezera umadya tsiku lathunthu la m'sitima ndi kunyamula zikwama. Ngati mukuona kuti masiku akuchepa, chotsani Salzburg, chifukwa ndi umene uli ndi zoonera zambiri kuposa zomvera m'miyezi wamba.

2. Sankhani mwezi woyenera

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'dzenje. Amasankha Julayi kapena Ogasiti poti kumakhala kotentha ndiponso sukulu zimakhala zitatsekera, osadziwa kuti imeneyi ndi miyezi imene oimba amapuma. Nyumba yaikulu ya opera (masewero oimbidwa) ya ku Vienna, imene eni ake amaitcha Staatsoper, imayamba masewero mu Seputembala n'kutseka kumapeto kwa Juni. Kwaya ya anyamata ya ku Vienna imaimba Misa ya Lamulungu kuyambira pakati pa Seputembala mpaka kumapeto kwa Juni. Kwaya ya anyamata ya ku Leipzig nayo imabalalika sukulu zikatsekera. Ndi Salzburg yokha imene imadzaza nyimbo nthawi imeneyi chifukwa cha chikondwerero chake chachikulu, chimene chinayamba mu 1920 ndipo chimachitika kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka kumapeto kwa Ogasiti, koma matikiti ake ndi malo ogona zimakwera mtengo kwambiri ndipo zimatha miyezi ingapo chisanayambe.

Miyezi imene ndimalangiza ndi Meyi, chiyambi cha Juni, kapena kumapeto kwa Seputembala. Kuzizira kwake n'kopiririka, ndipo mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, choncho mumayenda tsiku lonse kukuwala. Mu Juni mumakhalanso chikondwerero cha Bach ku Leipzig, chimene chili chabwino kwa wokonda kwaya koma chimadzazitsa mahotela. Za konsati yotchuka ya pa 1 Januwale mu holo ya Musikverein ku Vienna musaziike m'maganizo pokhapokha mutachita mwayi, chifukwa matikiti ake amagawidwa mwa maere, ndipo ofuna amalembetsa mu Febuluwale wa chaka chapitacho.

3. Yalani masiku a sabata musanagule chilichonse

Gawo ili ndi limene mabuku ambiri a alendo amalidumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa ulendo womva nyimbo ndi ulendo wojambula makoma. Tengani pepala, lembani masiku anu motsika, ndipo yambani ndi kuikapo zinthu zimene sizisuntha.

Zosasuntha za ku Vienna zili Lamulungu m'mawa. Mu Hofburgkapelle, katchalitchi kakang'ono ka m'nyumba ya mafumu akale, Misa imayamba 9:15, ndipo imaimbidwa ndi kwaya ya anyamata imene mbiri yake inayambira mu 1498 pa nthawi ya mfumu Maximilian I. Mipando ya mmenemu imagulitsidwa, ndipo muyenera kudziwiratu kuti anyamatawo amaimbira pa nsanja ya kumbuyo, pamwamba, kotero kuti mumawamva koma simuwaona mpaka kumapeto pamene amatsikira kutsogolo kudzaimba nyimbo imodzi. Mipando yotsika mtengo siionetsa ngakhale guwa. Pamtunda wa mphindi zochepa chabe pali Augustinerkirche, kumene 11 koloko kumakhala Misa yaikulu, imene iwo amaitcha Hochamt, ya kwaya ndi orchestra, ndipo kawirikawiri amaimba Misa zopekedwa ndi Haydn, Mozart kapena Schubert. Polowa salipiritsa, mumangoponya chopereka. Kwa ine iyi ndiyo njira yabwino koposa yomvera nyimbo zimenezi, chifukwa mumazimva m'tchalitchi, pakati pa mapemphero enieni amene anazipekera. Fikani padakali nthawi, chifukwa mipando imadzaza mwachangu ndipo wochedwa amaimirira kumbuyo.

Zosasuntha za ku Leipzig zili Lachisanu ndi Loweruka. Mu Thomaskirche, tchalitchi cha Lutheran chimene Bach ankagwirako ntchito, mumachitika mapemphero a nyimbo otchedwa Motette, Lachisanu 6 koloko madzulo ndi Loweruka 3 koloko masana. Amene amaimba ndi Thomanerchor, kwaya ya anyamata imene inakhazikitsidwa mu 1212. Pakhomo mumalipira mayuro ochepa kwambiri n'kulandira kapepala ka ndondomeko, ndipo palibe kusungitsa mpando, woyamba kufika ndiye amasankha pokhala. La Loweruka ndi limene kawirikawiri limakhala ndi kantata ya Bach, ndiko kuti nyimbo yaitali ya mawu a m'Baibulo ndi a m'nyimbo za mpingo, yoimbidwa ndi kwaya, oimba paokha ndiponso zida zoimbidwa ndi a orchestra ya Gewandhaus, ya mu Leipzig momwemo. Anyamatawo akakhala pa tchuthi kapena pa ulendo, kwaya ina imaimba m'malo mwawo, choncho onani ndondomeko ya tchalitchicho pa intaneti kuti mudziwe amene adzaimbe tsiku lanulo.

Tsopano onani vuto lake. Loweruka masana ku Leipzig ndi Lamulungu m'mawa ku Vienna n'zoyandikana pa pepala, koma pakati pake pali ulendo wa sitima wa maola ambiri, ndipo amene amayesa kuchita zonse ziwiri pa mapeto a sabata amodzi amafika pakati pa usiku atatheratu, kapena amaphonya chimodzi. Ulendo wanu uyenera kukhala ndi mapeto a sabata awiri. Dongosolo limene limagwira bwino ndi ili: kufika ku Vienna Lachisanu kapena Loweruka, kumva Misa Lamulungu, kukhala ku Vienna mpaka Lachiwiri, kugona ku Salzburg Lachiwiri ndi Lachitatu, kuyenda Lachinayi kupita ku Leipzig, kumva Motette Lachisanu ndi Loweruka, n'kunyamuka Lamulungu kapena Lolemba.

Mukaika zimenezi, tsegulani ndondomeko ya Staatsoper, ya Musikverein ndi ya holo ina ya makonsati ya Konzerthaus, muone zimene zikuchitika madzulo a masiku anu a ku Vienna. Staatsoper imasintha sewero pafupifupi usiku uliwonse, ndipo masiku ena kumakhala kuvina kwa ballet m'malo mwa opera. Ngati sewero limene mukufuna lili Lachiwiri, sunthani Salzburg ndi tsiku limodzi. Kumbukiraninso kuti nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatseka Lolemba, choncho tsiku limeneli n'loyenera kupita kumanda ndi kuyenda m'misewu. Lamulungu masitolo a zakudya amakhala otseka ku Austria ndi ku Germany komwe, kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu, ndiye gulanitu buledi ndi zipatso Loweruka.

4. Pemphani viza mutatha kuyala masiku

Austria ndi Germany onse ali m'gulu la mayiko a Schengen, choncho viza imodzi ikukwanira. Lamulo lake ndi lakuti mumapempha ku dziko limene mudzagonako masiku ambiri, ndipo ngati masiku ali ofanana, ku dziko limene mudzayambe kulowa. Pa dongosolo la pamwambali, masiku a Vienna ndi Salzburg akaphatikizidwa amaposa a Leipzig, ndiye viza ndi ya Austria. Kupempha ku dziko lolakwika chifukwa chakuti ofesi yake ili pafupi kungachititse kuti akubwezereni mapepala. Fufuzani msanga ofesi ya kazembe imene imalandira mapempho a viza ya dzikolo kwa anthu okhala kumene mukukhala. Amene mukukhala ku Britain, dziwani kuti viza kapena chilolezo chokhalira kumeneko sichikulowetsani mu Schengen ngati pasipoti yanu ili ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe.

Kuyambira Juni 2024 mtengo wa viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90. Mumaloledwa kupereka pempho pasanapitirire miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo musachedwe kufika masiku 15 omaliza. Yankho limatenga masiku 15 mwachizolowezi koma lingafike masiku 45. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, pasipoti yokhala ndi miyezi 3 yotsala kuchokera tsiku lobwerera, umboni wa malo ogona, mapepala a kubanki, ndi umboni woti muli ndi chokubwezani kwanu monga kalata ya kuntchito. Pepala lanu la masiku lija liikeni m'pempholo, pamodzi ndi maina a matchalitchi ndi maholo, chifukwa limaonetsa kuti ulendowo ndi wolingaliridwa. Kwa amene mukuchokera ku Malawi, nkhani ya ndalama zakunja iyambeni ndi banki yanu miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo funsani ngati khadi lanu lingalipire pa intaneti kunja, popeza matikiti ambiri a sitima ndi a makonsati amagulidwa motero.

Tikiti ya ndege ikhale yolowera mzinda wina n'kutulukira wina. Ethiopian Airlines imafika ku Vienna ndi ku Frankfurt kudzera ku Addis Ababa, ndipo kuchokera ku Leipzig kukafika ku Frankfurt pa sitima ndi maola pafupifupi atatu. Mukatero simubwereranso ku Vienna kukangokwera ndege.

5. Phunzirani kugula matikiti a nyimbo

Mukangofika pabwalo la tchalitchi chachikulu cha Stephansdom kapena kutsogolo kwa Staatsoper, mudzakumana ndi amuna ovala majekete ofiira a nsalu yonyezimira ndi mawigi oyera, atanyamula mafayilo a zithunzi za maholo okongola. Amakutsatirani ngati oitanira minibasi pa depoti. Zimene amagulitsa si zachinyengo, makonsatiwo amachitikadi, koma ndi okonzera alendo: tizidutswa ta nyimbo zodziwika, oimba ovala zakale, mtengo wokwera. Si orchestra ya Vienna Philharmonic, ngakhale konsatiyo itachitikira mu holo ya Musikverein, chifukwa holo amatha kuchita lendi. Nthawi zonse werengani dzina la gulu loimba, osati dzina la nyumba lokha, ndipo gulani pa tsamba la nyumbayo kapena pa zenera lake logulitsira matikiti.

Mawu a Chijeremani ofunika pano ndi ochepa. Stehplatz ndi malo oimirira. Abendkasse ndi zenera logulitsira matikiti madzulo a tsiku lomwelo. Ausverkauft ndiye kuti matikiti atha. Tikiti ikalembedwa kuti eingeschränkte Sicht, ndiye kuti pa mpando umenewo simuona bwalo lonse la sewero. Garderobe ndi posiya majekete ndi zikwama, ndipo Pause ndi nthawi yopuma pakati pa sewero.

Stehplatz ndiye chinsinsi cha ulendo wonse. Staatsoper, imene inatsegulidwa mu 1869, n'kuwonongedwa ndi mabomba mu Malichi 1945, n'kutsegulidwanso mu Novembala 1955, ili ndi malo oimirira mazana angapo, ndipo tikiti yake sifika mayuro 20 pamene mipando yabwino imapitirira mayuro 200. Matikiti amenewa amagulitsidwa tsiku lomwelo la sewero. Amayamba kupezeka pa intaneti 10 koloko m'mawa, ndipo zenera lake lapadera, limene lili kumbali ya msewu wa Operngasse, limatsegulidwa kutatsala mphindi 80 kuti sewero liyambe. Ngati kukubwera woimba wotchuka, khalani pa foni 10 koloko yeniyeniyo mutalembetsa kale dzina lanu pa tsambalo dzulo lake, chifukwa mukamayamba kulemba dzina ndi nambala ya khadi nthawi imeneyo mudzapeza malo abwino atatha.

Malo oimirira alipo a magawo atatu. Parterre ili pansi, kumbuyo kwa mipando yodula, moyang'anizana ndi bwalo la sewero. Pamenepa mumaona zonse bwinobwino, koma pamakhala pothithikana ndi potentha. Balkon ili pakati. Galerie ili pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, ndipo ngakhale oimba amaoneka aang'ono, mawu amamveka bwino kwambiri. Pa Balkon ndi Galerie sankhani malo a pakati, chifukwa a m'mbali amabisa theka la bwalo. Kutsogolo kwanu kumakhala chitsulo chotsamirapo chokutidwa ndi nsalu yofiira, ndipo pamenepo pali kagalasi kakang'ono kamene kamaonetsa mawu a nyimbo mu Chingerezi ndi zilankhulo zina. Pali mwambo wakale womangirira mpango pa chitsulocho posonyeza kuti malowo ali ndi mwini, choncho mukaona mpango musausunthe. Werengani tikiti yanu kuti mupeze mzere ndi nambala yanu.

Onani kutalika kwa sewero musanagule. Opera zambiri za Mozart, Verdi ndi Puccini zimatenga maola awiri ndi theka mpaka atatu ndi theka, koma zina za Wagner zimafika maola asanu, ndipo munthu amene wayenda tsiku lonse sangaime nthawi yonseyo n'kumvabe nyimbo. Tsiku la opera pumulani masana, idyani musanalowe, valani nsapato zofewa, ndipo werengani nkhani ya sewerolo m'mawa kuti maso anu asathere pa kagalasi kaja. Musikverein, imene inatsegulidwa mu 1870, nayo ili ndi malo oimirira kumbuyo kwa holo yake yagolide. Kumeneko simuona zambiri chifukwa cha mizati ndi mitu ya anthu, koma ndi holo imene imatchuka padziko lonse chifukwa cha mmene mawu amamvekera, ndipo konsati sitalika ngati opera.

6. Dziwani khalidwe la m'holo

Fikani kutatsala theka la ola, chifukwa wochedwa saloledwa kulowa mpaka nthawi yopuma. Jekete lalikulu ndi chikwama chapamsana muyenera kusiya ku Garderobe. Suti si yokakamiza, koma kabudula ndi zovala zamasewera angakubwezeni nazo. Chovala chosokedwa bwino cha chitenje n'choyenera ndithu. Foni izimitsidwe, ndipo kujambula nyimbo zili mkati n'koletsedwa.

Chimene chimativuta ife ozolowera kuyamikira woimba nthawi yomweyo ndi kuomba m'manja. Nyimbo yaitali ya orchestra imakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo pakati pa zigawozo oimba amaima kwa kanthawi. Pamenepo anthu saomba m'manja. Dikirani mpaka wotsogolera atatsitsa manja n'kutembenukira kwa omvera. Mu opera amaomba m'manja woimba akamaliza nyimbo yake yaikulu, ndipo mungotsatira anzanu. M'tchalitchi, Misa ndi Motette ndi mapemphero, ndipo anthu amaimirira, kukhala ndi kuimba nawo nyimbo ya mpingo monga mmene kapepala kakunenera. Musatuluke pakati pa ulaliki poti nyimbo imene munadzera yatha.

7. Yendani pa sitima mosamala

Pa zikwangwani Vienna amalemba Wien, Munich amalemba München, siteshoni yaikulu ndi Hauptbahnhof kapena Hbf, ndipo Gleis kapena Bahnsteig ndi pokwerera. Kuchokera ku Vienna kupita ku Salzburg ndi maola awiri ndi theka. Pali makampani awiri, ÖBB ndi Westbahn, ndipo tikiti ya imodzi sigwira ntchito pa inzake. Kuchokera ku Salzburg kupita ku Leipzig mumasinthira ku Munich, ndipo ulendo wonse sutsika maola asanu. Matikiti otsika mtengo, otchedwa Sparschiene ku Austria ndi Sparpreis ku Germany, ndi a sitima imodzi yokhayo yolembedwapo, ndiye mukaiphonya mwa kuchedwa kwanu mumagula ina. Tikiti payokha sikupatsani mpando wanuwanu, kusungitsa mpando n'kolipira padera, ndipo pa ulendo wautali wa Lachinayi n'koyenera kutero. Pasipoti ikhale m'thumba, chifukwa apolisi a ku Germany amayendera sitima zochokera ku Austria.

Mkati mwa Vienna, sitima zapansi ndi ma tram (sitima zoyenda m'misewu) alibe zipata. Munthu amangolowa, ndipo alendo ena amaganiza kuti n'zaulere. Oyendera matikiti amavala zovala wamba, ndipo chindapusa chimapitirira mayuro 100. Tikiti ya pepala muyenera kuidinditsa m'kabokosi ka polowera musanakwere koyamba. Madzi a pampopi ku Vienna amachokera ku akasupe a m'mapiri ndipo ndi abwino kumwa, choncho nyamulani botolo.

8. Masana a ku Vienna

Yambani ndi Stephansdom, kumene Haydn anaimba m'kwaya ali mnyamata, ndiponso kumene Mozart anakwatira Constanze mu 1782 ndi kumene mwambo wa maliro ake unachitikira mu 1791. Kuseri kwake, pa Domgasse 5, pali nyumba imene Mozart anakhalamo kuyambira 1784 mpaka 1787, yokhayo yotsala mwa nyumba zambiri zimene anakhalamo mu mzindawu.

Lolemba kwerani tram nambala 71 kupita ku Zentralfriedhof, manda aakulu amene anatsegulidwa mu 1874, ndipo tsikirani pa chipata chachiwiri, Tor 2. Mukayenda pang'ono mu msewu waukulu wa mitengo, kumanzere kuli gawo 32A, kumene kuli manda a Beethoven, Schubert, Brahms ndi Johann Strauss moyandikana. Beethoven ndi Schubert anayamba aikidwa ku manda ena, a ku Währing, ndipo mafupa awo anawasamutsira kuno mu 1888. Chipilala cha Mozart chimene chili pakati pawo n'chachikumbutso chabe. Iye anaikidwa ku manda a St. Marx, amene tram yomweyo imadutsa pafupi nawo, m'manda wamba opanda chizindikiro, ndipo malo ake enieni sadziwika.

Ngati muli ndi nthawi ya nyumba imodzi yokha, ndingakusankhireni ya Beethoven ku Heiligenstadt, pa Probusgasse 6, kumene mumafika pa sitima yapansi ya U4 kenaka basi. Ndi nyumba yotsika ya bwalo lamkati, ndipo imakumbutsa za kalata imene analembera abale ake aamuna mu Okutobala 1802, ali ndi zaka 31, yofotokoza kuwawa kwa mtima wake poona kuti makutu ake akugontha. Kalatayo sanaitumize, inapezeka atamwalira mu 1827. M'nyumbamo muli zipangizo zonga malipenga zimene anthu ogontha a nthawiyo ankaika kukhutu. Nyimbo zake zambiri zazikulu anazipeka pambuyo pa kalatayo, ndipo mukamva imodzi madzulo a tsiku lomwelo mudzaimva mwa mtundu wina.

9. Salzburg mwachidule

Mzinda wakale ndi waung'ono ndipo umayendeka wapansi. Mozart anabadwira pa Getreidegasse 9 pa 27 Januwale 1756, m'nyumba yachikasu imene mkati mwake muli kavayolini kamene ankaimba ali mwana. Kutsidya kwa mtsinje wa Salzach, pa Makartplatz, kuli nyumba yaikulupo imene banjalo linasamukirako mu 1773. M'tchalitchi chachikulu muli beseni lamkuwa limene anabatizidwiramo. Pitani ku nyumba yobadwirayo m'mawa akangotsegula, magulu a alendo asanadzaze makwerero ake opapatiza, ndipo madzulo kwerani ku linga la Hohensalzburg, limene linayamba kumangidwa mu 1077, kuti muone mzinda wonse ndi mapiri. Onaninso ndondomeko ya sukulu ya nyimbo ya Mozarteum, chifukwa ophunzira ake amaimba makonsati ambiri pa mtengo wochepa kapena kwaulere.

10. Leipzig, ndi Halle ngati tsiku latsala

Kuchokera ku siteshoni yaikulu, zonse zofunika zili pamtunda woyenda wapansi. M'misewu mwake mudzaona tizitsulo topindika tonyezimira tokhomedwa pansi. Timeneti ndi zizindikiro za Notenspur, njira ya makilomita pafupifupi 5 imene imalumikiza malo a mbiri ya nyimbo, ndipo mukaitsatira simusowa wokulondolerani.

Lachisanu m'mawa lowani mu Thomaskirche kusanadzaze. Manda a Bach ali kutsogolo, pafupi ndi guwa, ndipo ndi chitsulo chamkuwa chafulati chokhala pansi, cholembedwa dzina lake lokha, nthawi zambiri chili ndi maluwa amene alendo asiyapo. Mafupa ake anawabweretsa muno nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, tchalitchi cha Johanniskirche chimene anali chitagumulidwa ndi mabomba. Martin Luther analalikira muno pa Pentekoste wa 1539. Kutsidya kwa bwalo kuli nyumba ya zakale za Bach, mmene muli mapepala olembedwa ndi dzanja lake. Kwa wotsogolera kwaya, chofunika kulingalira ndi ntchito imene munthuyu anali nayo: ankaphunzitsa anyamata a pasukulu ya tchalitchi, ndipo m'zaka zake zoyamba ankapeka kantata yatsopano pafupifupi sabata iliyonse, kuilembetsa, kuiphunzitsa ndi kuiimbitsa Lamulungu lotsatira.

Nikolaikirche, tchalitchi cha mizati yonga mitengo ya kanjedza, ndi kumene nyimbo yake ya masautso a Yesu monga mwa Yohane inaimbidwa koyamba mu 1724. Ndi komwenso kunkachitikira mapemphero a mtendere a Lolemba, amene pa 9 Okutobala 1989 anatulutsa anthu pafupifupi 70,000 m'misewu, patatsala mwezi umodzi kuti khoma la Berlin ligwe. Pa Goldschmidtstraße 12 pali nyumba imene Felix Mendelssohn anamwaliramo mu 1847, ndipo Lamulungu 11 koloko mumakhala konsati yaing'ono m'chipinda chake choimbira. Orchestra ya Gewandhaus, imene inayamba mu 1743, imaimbira mu holo yomangidwa mu 1981 pa Augustusplatz, ndipo makonsati ake aakulu amakhala kawirikawiri Lachinayi ndi Lachisanu usiku. Motette ya Lachisanu imatenga pafupifupi ola limodzi, choncho n'zotheka kumva zonse ziwiri ngati mwagula tikiti ya Gewandhaus pasadakhale.

Loweruka pitani pakhomo la Thomaskirche kutatsala mphindi 45, chifukwa mzere umatalika. Kwaya imaimbira pa nsanja ya kumbuyo pafupi ndi limba lalikulu, ndiye ngati mukufuna kuona anyamatawo ndi wowatsogolera, funani mpando woyang'ana m'mbali kapena wa pamwamba.

Amene makwaya anu amaimba Aleluya wa Handel pa Pasaka kapena pa Khirisimasi, dziwani kuti Halle, kumene George Frideric Handel anabadwira mu 1685, ali pamtunda wa theka la ola pa sitima kuchokera ku Leipzig. Nyumba yobadwiramo ili pafupi ndi msika, ili ndi zida zoimbira zakale zambiri, ndipo imatseka Lolemba. Ngati ndege yanu ya ku Frankfurt ili Lolemba usiku, pitani ku Halle Lamulungu masana mutatuluka ku konsati ya Mendelssohn, ndipo Lolemba sankhani sitima imene ikufikitseni ku bwalo la ndege kutatsala maola anayi, chifukwa sitima za mtunda wautali ku Germany zimachedwa kawirikawiri.